Mayi Amene Ankaodira Nkhuku

Inu amene mwagwira njakata ndipo mukuti zanu zada, tasenderani kuno ndikuuzeni za Tinenenji, mayi wa ku Kafue. Ndiyambira pa tsiku loipa, chifukwa nkhani yakeyi ilibe poyambira pokoma.

Unali m'mawa wa mwezi wa Sepitembala. Tinenenji ankakankha wilibala kuchokera kukhola kupita kudzenje la zinyalala, ndipo m'wilibalamo munali nkhuku zakufa. Inali misoti, nkhuku zazikazi zoti zatsala pang'ono kuyamba kuikira, zonona, za nthenga zofiirira. Sizinafe ndi chitopa ayi, ndipo galu sanalowe m'khola. Sitima ya katundu inangoliza hutala podutsa kuseri kwa mpanda, nkhuku zonse n'kuthamangira pangodya imodzi, n'kukwerana, zapansizo n'kubanika. Mmene iye ankafika n'kuyamba kuzikoka, zapansi zinali zitalefuka kale, thupi likadali lofunda.

Sikanali koyamba. Kabawi akadutsa m'mwamba, zinkatero. Pepala la pulasitiki likauluka n'kukola pawaya wa khola, zinkatero. Ngakhale mwini wake yemwe akatsegula chitseko, zinkathawa ngati walowa ndi mpeni.

Mlongo wake wamkulu, Ba Lemmy, wowotcherera zitsulo kumafakitale, anali ataima pakhonde akutsuka m'kamwa. Anayang'ana wilibala ija, nalavula, nayankhula mosakweza mawu.

"Tine, izi nkhuku zako zizasila zonse. Mvula ikabwela ngati kulibe mazila, nizapaya zosala, khola nigwetse, nimange malumu a lendi. Iwe uzayenda ku Katete kuli ba anti."

Mumvetse chimene mawu amenewa ankatanthauza. Bambo awo anachokera ku Katete kalekale kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ana onse anabadwira m'nyumba yomweyo ya pafupi ndi msewu wa sitima. Tinenenji ku Katete anapitako kamodzi kokha, kumaliro, ndipo ana a kumeneko ankaseka kayankhulidwe kake. Manda a makolo ake ali ku Kafue. Ukwati wake unathera ku Kafue, ntchito yake yosoka milomo ya matumba pafakitale ina inathera ku Kafue, ndipo zonse zimene anamupatsa pomuchotsa ntchito anazithira m'khola limeneli. Chipinda chake chinali chogundana ndi kholalo, kuseri kwa nyumba yaikulu imene Ba Lemmy ankakhalamo ndi banja lawo. Khola likagwa, chipindacho chigwa nacho.

Tinenenji anakwirira nkhuku zija, n'kusiyako imodzi, ndipo tsiku limenelo sanaike kanthu m'kamwa.

Tsono vuto linayambira kuti? Linayambira pa chikondi, abale anga, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka.

Anapiyewo anakawagula ku Lusaka m'mwezi wa Juni, ali a tsiku limodzi, m'makatoni okhala ndi timabowo topumira. Kunali kukuzizira, kamphepo kaja kolowa m'mafupa. Mayi aliyense amadziwa chochita ndi khanda kukazizira. Tinenenji anavula chitenge, natulutsanso bulangete m'chikwama, nakulunga makatoni aja bwinobwino kuti mphepo isapeze polowera. Kondakitala anawalowetsa pansi pa mpando wa kumbuyo, pafupi ndi chimkuzamawu chimene chinkagunda ngati ng'oma ya pamaliro a mfumu.

Atapitirira Chilanga minibasi inafa. Anthu anatsika n'kuyamba kutukwana, dzuwa linakwera, makatoni aja ali momwemo, okutidwa. Itabwera minibasi ina, anyamata anawaponyerana ngati mitolo ya kabichi. Dalaivala watsopanoyo anali wa mahutala, ankaliza pa munthu aliyense woima m'mbali mwa msewu, ndipo pa mabampu sankaponda buleki. Pofika kunyumba kunali kutayamba kuda. Atavundukula bulangete anapeza anapiye ali chinyowere ndi thukuta la m'katoni, milomo ili yasa, ena atagona osadzukanso.

Otsalawo anachira, nakula. Koma Tinenenji, pomva chisoni ndi zimene anaona, analumbira kuti anapiye ake sadzavutikanso. Anatchinga khola lonse ndi masaka. Analetsa aliyense kuyandikira. Iye mwini ankalowa monyang'ama, osatsokomola, osayankhula, kuthira chakudya n'kutuluka. Ana a Ba Lemmy akaseweretsa mpira pafupi, ankawathamangitsa ndi tsache. Ankati akuwateteza.

Tsiku lotsatira maliro a m'wilibala aja, anamangirira msoti umodzi wakufa m'pulasitiki napita nawo kwa a vetenale kuboma. Anapeza mayi wina dzina lake Ba Choolwe, wamtali, wosachedwa ndi malonje. Tinenenji ankafuna mankhwala, a m'madzi kaya obaya, chilichonse. Ba Choolwe anaung'amba msoti uja, nauyang'ana m'kati, kenako anayamba kufunsa za ulendo: anapiye anayenda nthawi yanji, anakhala kuti, anamwa madzi liti. Atamva za bulangete anagwira pakamwa. Atamva za masaka ndi tsache anapukusa mutu.

"Ba Tine, izi nkhuku sizidwala. Zili na mantha. Ulendo uja unazingena mu thupi, elo imwe mwazibisa, sizinaphunzile kuti chongo sichipaya."

Chongo, m'kayankhulidwe ka kumeneko, ndi phokoso. Anamufotokozera kuti mwanapiye akazunzika m'masiku ake oyamba, nthawi zambiri amakula wodzidzimukadzidzimuka, wojompha anzake, wochedwa kuikira. Mankhwala a zimenezo kulibe. Chimene chilipo n'kuzizoloweza pang'onopang'ono zinthu zomwe zimaziopsazo, ndipo ngakhale atatero, palibe angalonjeze kuti zisintha, poti zinali zitakula kale. Anamulangiza kuti aphe ngodya zonse za khola, azipinde zikhale zozungulira, kuti nkhuku zikathamanga zisapeze pounjikana. Anamuuzanso kuti asalowenso ngati mbala.

Tinenenji anabwerera wopanda botolo lililonse m'manja, mtima uli m'mwamba. Munthu ukapita kukafuna mankhwala n'kupatsidwa mawu, umaona ngati akunyoza. Komabe poti analibe mtengo wina wogwira, anayamba.

Anatola makatoni olimba kuseri kwa mashopu, nawapinda, nawakhomera m'ngodya zonse. Anachotsa saka limodzi kuti kuwala kulowe, patapita masiku n'kuchotsanso lina. Anapachika kawailesi kake padenga, koyamba motsitsa kwambiri moti iye yemwe sankamva bwino. Anaika timitengo tokwerapo. Ndipo asanatsegule chitseko ankagogoda, n'kunena mwaulemu wonse ngati wafika pakhomo pa apongozi: "Odi kuno."

Apa ndiye anthu anapeza chodyera nshima. Akazi a pampopi ankagwa nako kuseka. Ena ankati ntchito itatha mutu unatha nawo. Ena, a mitima yakuda aja amene sasowa m'komboni iliyonse, anayamba kunong'ona kuti munthu saodira nkhuku, m'kholamo muyenera kuti muli china chimene akuweta. Ine anthu otere amandinyansa. Sanamuthandizepo kukankha wilibala, koma pakamwa pokha anali nazo mphamvu. Mlamu wake, mkazi wa Ba Lemmy, anayamba kuletsa ana kudya chilichonse chochokera m'manja mwake.

Koma mdani wamkulu anali sitima. Kabawi ungamuthamangitse, pulasitiki ungatole, nanga sitima ungaiuze kuti chete? Tinenenji anaganiza zakezake. Nkhuku zake zinkakonda repu kuposa chilichonse. Anagwirizana ndi amayi a pamsika kuti azimusungira masamba otsala, ndipo ankawadula n'kuwasunga m'beseni pakhomo pa khola. Akangomva kunjenjemera kuja kumene nthaka imachita sitima isanaoneke, ankathamanga, n'kuodira, n'kulowa, n'kuima pakati. Hutala akamalira, iye n'kumwaza repu, akuyankhula nazo mofatsa ngati palibe chachitika.

Kunena n'kosavuta. Sitima za katundu zilibe nthawi, zimabwera pamene zafunira. Choncho mayiyu anasanduka wandende wa pakhomo pake. Posamba ankasiya chitseko cha bafa chotsegula pang'ono, khutu lili kunjanji. Kutchalitchi anasiya. Pakomboni patagwa maliro anangokagwada pang'ono n'kubwerako, ndipo anthu anamusungira mawu akuti tidzaona amene adzamuike iyeyo. Munthu wobadwira m'phokoso la sitima, amene ali mwana ankagona tulo ikudutsa, tsopano akamva hutala ankadzidzimuka n'kusiya chilichonse chimene wagwira. Mantha a nkhuku anali atamulowa iyenso.

Poyamba repu uja ankagwera pansi popanda womuyang'ana. Nkhuku zinkathamangabe, kungoti posowa ngodya zinkazungulira khola ngati madzi m'beseni, iye ali pakati, nthenga zikumumenya kumaso. Tsiku lina mayi wogulitsa zovala analowa pampanda ndi ambulera yotambasula, ndipo misoti ingapo inafera pansi pa chomwera madzi. Tinenenji analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni kokhala pansi miyendo ili tambalale. Anaganiza zokauza Ba Lemmy kuti anole mpeni, zithe. Koma madzulo nthaka itanjenjemera, anapezeka wanyamula kale beseni.

Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwezi wa Okutobala uli pakati, panapezeka msoti umodzi wosusuka umene hutala atalira sunathawe, unatola tsamba. Mawa lake inali ingapo. Kenako zinayamba kumuyandikira, kumujompha zala za kumapazi, kukoka mphonje ya chitenge. Wailesi inali ikulira mokweza tsopano, ndipo ana aja ankawathamangitsa ndi tsache anayamba kuwapempha kuti azisewera pafupi. Malipombo a nkhuku anayamba kufiira. Tinenenji anaika mabokosi oikiramo, nayala udzu wofewa.

Koma dzira ayi. M'mawa uliwonse ankapisa dzanja m'mabokosi onse, n'kutulutsa udzu wokhawokha. Anzake a ku Shimabala, dera loyandikana ndi Kafue, amene anagula anapiye mwezi womwewo, anali atayamba kale kutola. Kutentha kunafika poipa, ndipo masana mitambo inayamba kusonkhana kutsidya kwa mtsinje. Anthu onse a mu Kafue ankayang'ana kumwamba ndi chiyembekezo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankapemphera kuti mvula ichedwe.

Siinachedwe. Linali Loweruka masana, kumayambiriro kwa Novembala. Kunada mwadzidzidzi, mphepo inanyamula fumbi ndi mapepala, kenako bingu linang'amba thambo pamwamba penipeni pa komboni. Tinenenji anali ataphunzitsa nkhuku zake sitima, wailesi, ana ndi mpira. Za matalala ogwa pamalata sanaziphunzitse, ndipo akanaziphunzitsa bwanji?

Iye mwini mphezi ankaiopa kuyambira ali mwana, ankabisala kunsi kwa bedi. Koma anathamangira kukhola, naodira, nalowa. M'katimo simunkamveka kanthu koma chiphokoso cha malata. Nkhuku zinali zikuzungulira. Anamwaza repu, palibe inayang'ana. Ndipo apo anaona chinthu choopsa koposa: mvula inkalowa cham'mbali kudzera pawaya, ndipo makatoni a m'ngodya ziwiri za kumphepo anali atanyowa, akugwa ngati phala. Ngodya zinatseguka. Nkhuku zinaziona.

Anathamangira pangodya yoyamba, nakhala pansi m'utuchi wonyowa, msana kukhoma. Nkhuku zinamukwera pamiyendo, pachifuwa, pamutu, iye akuzikankha pang'onopang'ono kuti zibwerere pakati. Koma thupi lake linali limodzi. Pangodya inayo mulu unali utayamba kukwera, ndipo ankadziwa bwino zimene zinkachitika pansi pa muluwo.

Chitseko chinatseguka. Anali Ba Lemmy, atafunda saka kumutu. Ngati anabwera kudzaona denga kapena kudzanena kuti nthawi yakwana, palibe akudziwa, ndipo iwo sananenepo. Tinenenji chibadwire anali asanawalamulepo mlongo wakeyo. Tsiku limenelo anaiwala zoti ndi wamng'ono.

"Ba Lemmy, pa kona apo! Nkhalani pansi, muzichosepo bwinobwino. Osazimenya. Kambani nazo!"

Bambo wamkulu, wa ndevu zake, anaima kukamwa kuli yasa. Kenako bingu lina linagunda, ndipo anapezeka ali pansi pangodya paja, akufukula nkhuku ndi manja ake okakala aja. Anafunsa mokuwa kuti akambe nazo chiyani. Mlongo wake anati chilichonse, bola mawu akhale ofatsa.

Munthu wowotcherera zitsulo angauze chiyani nkhuku? Ba Lemmy anangoyamba kutchula masiteshoni a njanji, mmene bambo awo ankawatchulira powagoneka ali ana. Mazabuka. Monze. Pemba. Choma. Kalomo. Akafika ku Livingstone ankabwerera, n'kuyambanso. Tinenenji anamva ali pangodya yake, ndipo misozi inasakanikirana ndi madzi a mvula. Nayenso anayamba kutchula nawo. Mphezi ikang'anima ankatsinzina, koma pakamwa sanatseke.

Sindinganame kuti nkhuku zinakhala bata nthawi yomweyo. Zinkabwera, iwo n'kuzibweza, n'kubweranso. Koma zinali nkhuku zozolowera mawu a munthu tsopano, ndipo matalala atasiya n'kutsala mvula wamba, zina zinakwera pamitengo yawo, zina zinayamba kutola repu uja m'utuchi. Zakufa zinalipo, koma zoti munthu n'kunyamula m'manja, osati pawilibala.

Mvula itakata anatuluka onse awiri. Ba Lemmy anali zitosi kuyambira kumapewa mpaka kumaondo, nthenga ili m'ndevu. Fungo la dothi lonyowa linali ponseponse, ana akusewera m'zithaphwi. Tinenenji anayang'ana chipinda chake, nayang'ana khola. Sanafune kudikira kuti amuuze. Anati mvula yabwera, ndipo mazira kulibe.

Ba Lemmy anachotsa nthenga ija m'ndevu, naiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakanda pansi ndi chidendene, naonetsa dothi louma limene linali kunsi kwa matope.

"Iyi ni chizimalupsa chabe, yozimya fumbi. Nindani angabyale na iyi? Mvula yeniyeni ikalibe kubwela."

Anatembenuka napita kukasamba. Tinenenji anakhala pansi pachitseko cha khola.

Lolemba madzulo Ba Lemmy anabwera ndi malata akale atawapinda kuntchito kwawo, nawakhomera m'ngodya zonse m'malo mwa makatoni. Asanalowe anayang'ana uku ndi uku ngati pali wowaona, kenako anagogoda.

Mvula yobzalira inabweradi, ndipo inapeza mabokosi akadali opanda kanthu. Ba Lemmy anaiona ikugwa ali pakhonde, koma mpeni sanautulutse, khola sanaligwetse. Dzira loyamba linabwera chimanga chitamera kale m'minda ya ku Shimabala. Linali laling'ono, lokhala ndi kadontho ka magazi, ndipo silinali m'bokosi, linali pansi pafupi ndi chitseko. Tinenenji sanaligulitse. Analiphika, naligawa pakati, theka n'kukapereka kunyumba yaikulu.

Nkhuku zimenezo sizinakhalepo zofatsa ngati za anzake. Mpaka kukalamba kwawo zinali zodzidzimuka, ndipo zinkaikira mocheperapo. Koma zinaikira, ndipo khola silinagwe. Lero Tinenenji akadali m'chipinda chomwecho. Akapita kukatenga anapiye atsopano amalawirira kusanatenthe, amakhala mpando wa kutsogolo, makatoni ali pamiyendo, timabowo tili pululu, ndipo kondakitala akayerekeza kuwagwira amamva mawu amene sindingalembe pano. Amayi a pampopi aja amagula mazira kwa iye, ena mpaka amabwera kudzafunsa chochita nkhuku zawo zikayamba kujomphana.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso ulendo wanu unayamba moipa. Mwina amene anakunyamulani anakukutirani molakwika, kaya ndi nkhanza kaya ndi chikondi, ndipo mpaka lero kanthu kakangogunda mumathawira pangodya. Mwina mwapatsidwa malire ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana. Sindikuuzani kuti mantha adzatha, poti a Tinenenji sanathe, akamva bingu amatsinzinabe. Ndikukuuzani kuti iye ankanjenjemera koma beseni ankanyamula. Inunso nyamulani lanu mawa m'mawa, manja akunjenjemera chomwecho, mulowe. Mtima wanuwo musautaye, mukadali nawo ntchito.